Kodi Apemphe Diso la Kamera Kapena Akhale Chete?

Kale makolo sankasunga tsiku limene munthu anabadwa. Ankangokumbukira kuti uje anabadwa chaka cha dzombe, uje chaka cha njala ya 1949, ndipo wina anabadwa anthu ali pakalikiliki kukolola mapira. Masiku ano tsiku lobadwa lili pachiphaso, lili m'kaundula wa kusukulu, ndipo m'mabanja ambiri, makamaka a m'tauni, limadza ndi funso limene agogo sankalidziwa, lakuti, "Kodi tikugulire chiyani?" Funso limeneli limamveka lokoma m'khutu, koma likhoza kumusowetsa munthu tulo.

Linamusowetsadi tulo mtsikana wina amene anatsiriza Folomu 4 ndipo akudikira mwayi wa ntchito kapena wa maphunziro ena. Iyeyu ali ndi kamera imene achimwene ake anamusiyira. Ndi kamera imeneyo amajambula anthu pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa ubatizo, ndipo tindalama timene amapeza amagulira sopo ndi kuthandiza amayi ake kuchigayo. Tsiku lina analandira uthenga kuchokera kwa amalume ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg. "Mwana wanga," anatero amalumewo, "mwezi wamawa ukukwanitsa zaka 20. Unene chimene ukufuna, ndidzabwera nacho pa Khirisimasi."

Chimene mtima wake unali kulakalaka anali kuchidziwa bwino. Anali kufuna lenzi, ndiye kuti galasi lija limene limamangidwa kutsogolo kwa kamera, limene ena amalitcha diso la kamera. Anaiona lenzi yaitali ngati munsi m'manja mwa wojambula wina pabwalo la mpira, ndipo kuyambira tsiku limenelo kamera yake inayamba kumuchepera. Koma lenzi ndi chinthu cha mtengo wapatali. Kodi kupempha chinthu chotere si kuwasenzetsa amalume mtolo? Nanga akapanda kupempha, mwayi wotere udzabweranso liti?

NTCHITO YA LENZI

Munthu asanagamule ngati mtsikanayu apemphe kapena ayi, ayenera kudziwa ntchito ya chinthu chopemphedwacho. Kamera payokha ndi kabokosi kamdima. Lenzi ndiyo imasonkhanitsa kuwala kochokera pankhope ya munthu kapena pamtengo ndi kukupinda kuti kukagwere pamalo amodzi m'katimo, pamene kale pankakhala filimu ndipo lero pamakhala kachipangizo kolandira kuwala. Chotero ubwino wa chithunzi umayambira pagalasi.

Pa lenzi iliyonse pamalembedwa manambala a mitundu iwiri. Nambala yoyamba ndi ya mamilimita, ndipo imanena kukula kwa malo amene kamera ingaone. Nambala ikakhala yaing'ono, monga 18 kapena 28, kamera imaona malo aakulu, mwina banja lonse litaima pakhonde. Ikakhala yaikulu, monga 200 kapena 300, kamera imaona kamalo kakang'ono koma imakakokera pafupi, kotero kuti mbalame ya pa Nyanja ya Chilwa kapena njovu ya ku Liwonde imadzaza chithunzi chonse.

Nambala yachiwiri imatsogozedwa ndi chilembo cha f, ndipo imanena kukula kwa bowo lolowera kuwala. Bowo limeneli limagwira ntchito monga kamwana ka m'diso, kamene kamakula mumdima ndi kuchepa padzuwa. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti nambala yaing'ono ndiyo imasonyeza bowo lalikulu. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya f/5.6.

Nkhani ya bowoyi ndi yakale. Pamene Louis Daguerre analengeza njira yake yojambulira ku France m'chaka cha 1839, munthu wofuna chithunzi ankayenera kukhala duu kwa mphindi zingapo, chifukwa magalasi a nthawi imeneyo ankalowetsa kuwala kochepa. M'chaka cha 1840, Joseph Petzval, katswiri wa masamu wa ku Vienna, anawerengetsera ndi kukonza lenzi ya f/3.6 imene inkalowetsa kuwala kochuluka koposa kakhumi. Nthawi yodikira inafupika kwambiri, ndipo ntchito yojambula nkhope za anthu inafala.

FUNSO LA APHUNZITSI

Mtsikana uja anapita ndi nkhaniyi kwa aphunzitsi ake akale a sayansi, amene nawonso amakonda kujambula. Iwo sanafulumire kumuuza kuti apemphe kapena aleke. Anangomufunsa kuti, "Kodi ndi chithunzi chiti chimene unalephera kujambula chifukwa cha lenzi imene uli nayoyi? Usandiuze chimene umalota, undiuze chimene chinakukanika."

Mtsikanayo anakhala chete kanthawi. Kenaka anayankha kuti, "Aphunzitsi, pabwalo la mpira palibe amene anandiitanapo. Chimene chinandichititsa manyazi chinachitika m'tchalitchi. Akwati anali kuvekana mphete, kunja kunali mitambo, ndipo zithunzi zinatuluka zakuda ndi zogwedera. Amayi a mkwatibwi anakana kulipira ndalama zotsala."

Apa m'pamene panagona nkhani. Lenzi imene imabwera ndi makamera ambiri a anthu ongoyamba kumene ndi ya mamilimita 18 mpaka 55. Imagwira ntchito bwino panja, dzuwa likuswa mtengo. Koma munthu akaikokera pa 55, bowo lake silipitirira f/5.6, ndipo m'nyumba yamdima kamera imachedwa kutseka chitseko chake pofuna kusonkhanitsa kuwala. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, kapena mkwati akangotembenuka, chithunzi chaonongeka. Lenzi yaitali imene mtsikanayo anali kuilakalaka, ya mamilimita 70 mpaka 300, sikanathetsa vuto limeneli. Ikanalikuza, pakuti nayonso bowo lake ndi laling'ono, ndipo lenzi ikatalika imakulitsanso kugwedera kwa dzanja. Ojambula ali ndi lamulo lakale lakuti pa mamilimita 300 chitseko chiyenera kutseguka kwa nthawi yosapitirira gawo limodzi mwa magawo 300 a sekondi, ndipo m'tchalitchi muli mdima zimenezi n'zovuta.

Imene ikanamuthandiza ndi lenzi yaifupi, yosakoka ndi yosaoneka mochititsa kaso, ya mamilimita 35 kapena 50 ndi bowo la f/1.8. Lenzi yotereyi ndi yopepuka, ndipo kawirikawiri imakhala m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Koma nyanga ya nsatsi imasemedwa ulere, pamene lenzi imadya thukuta la munthu la masabata ambiri. Yoteroyo siyenera kufotera m'bokosi.

MPHATSO IMENE INABALA NTCHITO

Wina angaganize kuti njira yabwino n'kungokhala chete ndi kulandira nsapato kapena chitenje. Koma mbiri ya ntchito yojambula imasonyeza kuti mphatso ya chipangizo ikhoza kusintha moyo wa munthu. Seydou Keïta wa mumzinda wa Bamako, m'dziko la Mali, anali mnyamata wophunzira ukalipentala kwa bambo ake. M'chaka cha 1935, mbale wa makolo ake, pobwera kuulendo wa ku Senegal, anamupatsa kamera yaing'ono ya Kodak Brownie. Mu 1948 Keïta anatsegula malo akeake ojambulira. Ankajambula anthu pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu kumbuyo kwawo, ndipo pofuna kusunga ndalama nthawi zambiri ankatola chithunzi chimodzi chokha pa munthu aliyense. Pamene ankamwalira mu 2001, zithunzi zake zinali zitaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America.

Mphatsoyo inali yaing'ono, ndipo inagwera m'manja mwa munthu amene anaigwiritsa ntchito mpaka kuidziwa kunja ndi m'kati. Chimodzimodzinso Henri Cartier-Bresson wa ku France, mmodzi wa anthu amene anayambitsa bungwe la ojambula la Magnum mu 1947. Iyeyu anayenda m'maiko ambiri, koma zithunzi zake zochuluka anazijambula ndi kamera ya Leica yokhala ndi lenzi ya mamilimita 50. Akafuna kuti chinthu chikule pachithunzi, ankasendera pafupi ndi miyendo yake.

KUPEMPHA MOMVEKA

Pali msampha wina umene umakola anthu ambiri ogulirana mphatso yotere. Lenzi si chipewa chimene chingakwane mutu uliwonse. Kampani iliyonse ili ndi kamangidwe kake ka pakamwa pa kamera, ndipo lenzi ya Canon singamangidwe mwachindunji pa kamera ya Nikon. Ngakhale m'kampani imodzi momwemo zinthu zimasintha. Canon inasintha kamangidwe kake mu 1987, kotero kuti malenzi ake akale a FD salowa pa makamera a EF. Nikon inayamba kamangidwe ka F mu 1959, koma mu 2018 inabweretsa ka Z, ndipo chaka chomwecho Canon inabweretsa ka RF. Lenzi yakale imafuna kachitsulo kolumikizira kuti igwire pa makamera atsopanowa.

Palinso tina tating'onoting'ono timene munthu sangatidziwe pongoona bokosi. Makamera a Nikon a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe kainjini kozunguza lenzi. Chotero lenzi ya mamilimita 50 yolembedwa AF-D imalowa bwinobwino koma siilunjika yokha, pamene yolembedwa AF-S imalunjika. Komanso makamera ambiri a oyamba kumene ali ndi kachipangizo kolandira kuwala kocheperapo kuyerekeza ndi filimu yakale, ndipo pa iwo lenzi ya 50 imaona ngati ya 75 kapena 80. Imeneyi ndi yabwino pojambula nkhope ya munthu mmodzi kapena awiri, koma m'chipinda chopanikiza siingakwanitse ankhoswe a mbali zonse. Kwa wojambula magulu a anthu, ya 35 ndiyo ingathandize koposa.

Tanthauzo lake n'lakuti amene wasankha kupempha lenzi sangangonena kuti, "Mundigulire lenzi." Ayenera kulemba dzina la kamera yake, nambala yake, ndi dzina lonse la lenzi imene akufuna. Kutero si mwano. Mwano weniweni n'kumulola munthu wamkulu kutaya ndalama zake pa chinthu chimene chidzafike kumudzi n'kukana kulowa, sitolo imene chinagulidwa ili kutsidya kwa Limpopo.

MTOLO WA WOPEREKA

Funso lotsiriza, limenenso ndi lolemera koposa, likukhudza woperekayo. Pachikhalidwe cha Achewa, malume ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wake akadwala, akasowa fizi, kapena ikafika nthawi ya chinkhoswe, maso onse amayang'ana kwa iye. Amalume a mtsikana uja amalipirira kale mng'ono wake amene ali Folomu 2, ndipo chaka ndi chaka amatumiza ndalama za feteleza. Munthu wotereyu akanena kuti "unene chimene ukufuna" amanenadi kuchokera pansi pa mtima, koma sizitanthauza kuti thumba lake lilibe malire. Ndipo anthu ambiri ogwira ntchito kunja amachita manyazi kuvomera kwa abale kuti zinthu sizili bwino. Akhoza kukongola ndalama kuti asaoneke olephera pamaso pa mwana.

N'chifukwa chake pempho labwino limasiya khomo lotseguka, kuti wopemphedwayo athe kutuluka osagwetsa nkhope. Wopempha akhoza kutchula zinthu ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, ndi kunena poyera kuti chilichonse mwa izo chidzamukondweretsa. Akhoza kulonjeza kuikapo gawo la ndalama zake. Akhozanso kunena kuti lenzi yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira, pakuti galasi losamalidwa bwino limatha zaka makumi angapo, pamene kamera imakalamba msanga. Wogula angoonetsetsa kuti galasilo lilibe mikwingwirima ndiponso kuti m'kati mwake mulibe chuku, chimene chimaoneka ngati ulusi wa kangaude. Chuku chimenechi chimakonda malo a chinyontho ndi amdima, ndipo lenzi yotsekeredwa m'sutikesi nyengo yonse ya dzinja ikhoza kuonongeka mwini wake osadziwa. Lenzi yotuluka kawirikawiri kukagwira ntchito ndiyo imapulumuka.

YANKHO LA MTSIKANAYO

Patapita masiku atatu, mtsikanayo anakhala pansi ndi kulemba yankho lake, ndipo anayamba waonetsa amayi ake asanalitumize. Analemba kuti, "Amalume, zikomo kwambiri pondikumbukira. Ndikudziwa kuti muli ndi zambiri zoti muchite. Ntchito yanga yojambula imandivuta m'nyumba zamdima, ndipo lenzi imene ingandithandize ndailemba m'munsimu pamodzi ndi dzina la kamera yanga. Yakale yomwe ndi yabwino. Ndasunga ndalama pang'ono zimene ndipereke kwa amayi kuti zithandize pa fizi ya mng'ono wanga, kuti inu mupepukidweko. Ngati chaka chino sizitheka, kakhadi kosungira zithunzi kandikwanira, ndipo ndidzathokoza chimodzimodzi."

Lenzi yaitali ngati munsi ija sanaitchule n'komwe. Nthawi yake idzafika tsiku limene munthu adzamuitane kukajambula mpira kapena nyama za m'nkhalango, ndipo mwina pamenepo adzaigula ndi ndalama za m'thumba mwake.

Achinyamata amene atsiriza sukulu amakumana ndi funso lomweli ngakhale chinthu chopemphedwacho chikhale makina osokera, bokosi la zida za ukalipentala kapena kompyuta. Aphunzitsi amene ana otere amawafikira angachite bwino kuwafunsa monga anafunsira aphunzitsi a sayansi aja: ndi ntchito iti imene yakukanika chifukwa chosowa chinthuchi? Mwana amene angathe kuitchula ntchitoyo, ndi kutchulanso chipangizo chenicheni choithetsera, apemphe mosaopa ndi mwaulemu, pakuti kupempha si kuba. Amene sangathe kuitchula adikire chaka china. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.