Ntchito ya Mtima Imene Silembedwa pa Kalata ya Malipiro

Kalaliki wa pa boma amene walalatiridwa ndi munthu wotopa ndi mzere, nayankha mofatsa chonsecho mtima ukuwira, wagwira ntchito ziwiri pa nthawi imodzi. Yoyamba ndi ya cholembera, ndipo imaoneka m'mafailo. Yachiwiri ndi ya mtima, ndipo palibe buku la mu ofesi limene imalembedwamo.

Amene anayamba kuilongosola ntchito yachiwiriyi ndi Mayi Arlie Hochschild a pa yunivesite ya California ku Berkeley, m'buku lawo lotchedwa The Managed Heart la m'chaka cha 1983. Iwo anakapenyetsetsa maphunziro a otumikira apaulendo m'ndege za Delta Air Lines, amene ankauzidwa kuti wapaulendo azimuyesa mlendo wa m'nyumba mwawo. Anaonanso otolera ngongole, amene ntchito yawo imafuna nkhope yaukali ngakhale mumtima muli chifundo. Onsewa, anatero mayiwa, amagulitsa nkhope ndi mtima pamodzi ndi thukuta lawo.

Njira zake n'ziwiri. Wina amangomwetulira mwachiphamaso mkwiyo uli chikhalire. Wina amayamba wautembenuza mtima, nadzifunsa chimene chamusautsa munthu wokalipayo. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti chiphamaso ndicho chimafooketsa koposa, pakuti munthu amaweruka atalimbana yekha tsiku lonse.

M'chaka cha 2019, bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linazindikira kutheratu mphamvu pa ntchito monga vuto lochokera ku ntchitoyo, ngakhale silinalitche nthenda. Zizindikiro zake n'zitatu: kutopa kosatha, kuipidwa ndi ntchito, ndi kuchepa kwa zimene munthu akukwaniritsa.

Aphunzitsi athu sangaione nkhaniyi ngati yachilendo. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere m'chaka cha 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi woimirira pamaso pa ana oposa 100 ayenera kukhala kholo, woweruza ndi wotonthoza, ngakhale kunyumba wasiya matenda kapena ngongole. Tsono mkwiyo umene waumeza m'kalasi umapita kuti? Kawirikawiri umakatulukira pakhomo, pa ana ake amene sanalakwe.

Sitikunena kuti ulemu pa ntchito uchepe, pakuti wobwera ku ofesi ya boma ayenera kulandiridwa bwino. Tikunena kuti akulu a maofesi ndi a sukulu aziwerengera katundu ameneyu. Wokhala pa zenera lolandirira anthu azisinthana ndi anzake. Wamng'ono akanyozedwa popanda chifukwa, mkulu wake aziima naye. Mphunzitsi wamkulu azipatula nthawi yomvera zowawa za aphunzitsi ake, osati zolakwa zawo zokha. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mtima umodzi nawonso sungasenze madandaulo a anthu onse ofika pakhomo la ofesi.