Ngati Mulungu Anasankhiratu, Munthu Amasankha Chiyani?

Akhristu a mipingo yonse amavomereza mfundo ziwiri zovuta kuzigwirizanitsa. Yoyamba ndi yakuti Mulungu ndiye wolamulira zonse, ndipo palibe chimamudzidzimutsa. Yachiwiri ndi yakuti munthu aliyense adzaweruzidwa pa zochita zake. Ngati Mulungu anakonzeratu amene adzapulumuke, wotayikayo walakwanji? Nanga ngati chipulumutso chimadikira kuti munthu avomere, ndiye kuti wolamulira weniweni ndani?

Baibulo limanena zonse ziwiri, nthawi zina m'nkhani imodzimodzi. M'buku la Eksodo, pena akuti Mulungu anaumitsa mtima wa Farao, pena akuti Farao anaumitsa yekha mtima wake. Pa Genesis 50, Yosefe akuuza abale ake kuti Mulungu anasandutsa chiwembu chawo kukhala chopulumutsa anthu ambiri, komabe akuchitchula kuti chinali choipa. Aroma 9 ndi Aefeso 1 amatsindika za kusankha kwa Mulungu, pamene 1 Timoteo 2 imaphunzitsa kuti Mulungu amafuna anthu onse apulumuke.

Mkangano woyamba waukulu unabuka zaka za m'ma 400. Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, ankanyansidwa ndi ulesi wa Akhristu a ku Roma. Iye ankati Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe, choncho aliyense ali nayo mphamvu yomvera. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anayankha kuti tchimo la Adamu linapotoza mtima wa munthu, kotero kuti ngakhale kufuna chabwino kumayamba ndi chisomo. Msonkhano wa ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Wa ku Orange mu 529 unavomereza kuti chisomo ndicho chimayamba, koma unakanitsitsa zoti Mulungu amakonzeratu munthu kuti achite zoipa.

Nkhaniyi inayakanso pa nthawi yokonzanso mpingo. Erasmus analemba buku loteteza ufulu wosankha mu 1524, ndipo Martin Luther anamuyankha mwaukali chaka chotsatira, kunena kuti chifuniro cha munthu chili mu ukapolo. John Calvin, ku Geneva, ananena mosabisa kuti Mulungu anasankhiratu ena ku moyo ndipo ena ku chiweruzo. Akatolika, pa msonkhano wa ku Trent mu 1547, anati chisomo ndicho chimadzutsa munthu, koma munthuyo angathe kuchikana. Nawonso anakangana okhaokha pamene Luis de Molina, wa chipani cha Ajezuwiti, anaphunzitsa mu 1588 kuti Mulungu amadziwa chimene munthu aliyense angasankhe mwaufulu pa chilichonse chimene chingamugwere. A chipani cha Adominiko anatsutsa. Mu 1607 Papa Paul V anatseka zokambiranazo osagamula, n'kuletsa mbali zonse kutchana ampatuko.

Ku Netherlands zinthu sizinathe mwamtendere chotere. Jacobus Arminius, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Leiden, atamwalira mu 1609, omutsatira analemba mfundo zisanu zotsutsa chiphunzitso cha Calvin mu 1610. Sinodi ya ku Dort, imene inakhala kuyambira 1618 mpaka 1619, inawatsutsa pa mfundo zonse, ndipo abusa pafupifupi 200 anachotsedwa pa udindo.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokoneza. Arminius sanaphunzitse kuti munthu amadzipulumutsa yekha. Iye ankavomereza kuti popanda chisomo palibe angatembenuke. Nawonso otsatira Calvin sanena kuti munthu amachita kukokedwa. Amati munthu amasankhadi chimene mtima wake ukufuna, vuto lili pa mtimawo. Fisi mukamuikira nyama ndi chisoso palibe amamukakamiza, koma chimene adye chimadziwikiratu. Choncho Mulungu amayamba wasintha mtima, kenako munthuyo amabwera mwa kufuna kwake. Kusiyana kwenikweni kuli pa funso limodzi: kodi chisomo chopulumutsa chingakanidwe? Otsatira Arminius amati inde, chifukwa chisomocho chimafikira anthu onse n'kuwapatsa mphamvu yovomera kapena kukana. Otsatira Calvin amati ayi, chifukwa amene Mulungu anawasankha amawafikitsa ndithu ku chikhulupiriro ndi kuwasunga mpaka mapeto.

Mbali iliyonse ili ndi funso limene imalephera kuliyankha bwinobwino. Ngati Mulungu angathe kusintha mtima uliwonse, bwanji sasintha yonse? Otsatira Calvin amayankha kuti palibe woyenera chifundo, ndipo zotsalazo ndi chinsinsi cha Mulungu. Yankholi ndi loona mtima, koma sililimbitsa mtima kholo limene mwana wake wamwalira osakhulupirira. Otsatira Arminius nawo amafunsidwa kuti, anthu awiri akalandira chisomo chofanana, wina n'kukhulupirira wina ayi, chawasiyanitsa n'chiyani ngati si ubwino wa wokhulupirirayo? Komanso Mulungu amene analenga akudziwiratu otayika sanachoke m'nkhaniyi.

John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anatenga mbali ya Arminius, ndipo anasemphana ndi mnzake George Whitefield pa nkhani yomweyi cha m'ma 1740. Onse awiri analalikira kwa makamu moyo wawo wonse, ndipo Whitefield atamwalira mu 1770, Wesley analalikira pa mwambo womukumbukira.

Ziphunzitsozi zinafika kuno ndi amishoni. Amishoni a ku Livingstonia mu 1875 ndi a ku Blantyre mu 1876 anachokera ku mipingo ya ku Scotland yotsatira Calvin, ndipo amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Sinodi ya Nkhoma ndi Reformed Church in Zambia ali ndi mfundo za ku Dort pakati pa zivomerezo zawo, pamene mipingo yambiri ya Chipentekoste imalalikira mofanana ndi Wesley, kuitana munthu kuti asankhe lero ndi kumuchenjeza kuti angathe kubwerera m'mbuyo.

Mawu ofala akuti "zinalembedwa", onenedwa pofuna kuthawa udindo, sachokera ku mbali iliyonse. Chivomerezo cha Westminster cha 1646, chimene chimatsindika kwambiri za kusankhidwiratu, chimaphunzitsanso kuti Mulungu si mwini tchimo ndipo sakakamiza chifuniro cha zolengedwa zake. Dalaivala woledzera amene wagubuduza minibasi alibe pobisala kwa Calvin, kwa Arminius kapena kwa Akatolika. Onsewa amati wachimwa ndi iyeyo.