Ola Loyamba: Za Kuthandiza Obvulala ndi Odwala Mwadzidzidzi

Abale athu okondedwa a m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, mwezi uno tifuna kuceza nanu za mlendo amene afika pa khomo osagogoda, ndiye ngozi ndi nthenda yogwa modzidzimutsa.

Mseu wocokera ku Blantyre, umene upyola pa Zalewa nufika ku Mwanza, nulowa m'dziko la Mozambique pa Zóbuè, sugona usana kapena usiku. Magalimoto akuru opita ku Tete adutsa pafupi ndi amai ogulitsa manacesi, ana a sukulu ndi anyamata a kabaza. Kucokera pa boma la Mwanza kufika ku cipatala cacikuru ca Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita ngati 100, ndipo munthu wa ku Thambani, ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo ayenera kuyamba wafika pa boma. Cifukwa cace, kawiri kawiri moyo wa wobvulala upulumuka kapena utayika asanaone nkhope ya dotolo, ali m'manja mwa iwo amene anayamba kumfikira; ndipo anthuwo ndife tomwe.

Cimene anaphunzira ku Blantyre

Kale m'zipatala odwala anali kuonedwa monga anafikira: woyamba pa mzere ndiye woyamba kulowa. Potero ana ena anatsirizika pa benchi, amai ao ali kudikira mwaulemu. M'caka ca 2001, pa cipatala ca Queen Elizabeth, dotolo wa ana Elizabeth Molyneux ndi anzace anasintha makonzedwe amenewa. Anaphunzitsa anamwino kupenya mwana ali yense pa khomo pomwe, nawagawa patatu: wofuna thandizo tsopano lino, woyenera kuonedwa msanga, ndi wokhoza kudikira. Anakonzanso malo a pafupi okhala ndi mankhwala ndi zipangizo zotsitsimutsira mwana. Taonani zipatso zace: kale mwa ana 100 ogonekedwa anali kufa 10 kufikira 18, koma pambuyo pace anali 6 kufikira 8.

M'caka ca 2005 bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linasindikiza maphunziro otere ndi dzina lakuti ETAT, ndipo anafalikira ku zipatala za m'maboma m'dziko lathu ndi ku maiko ena a mu Africa. M'caka ca 2018 bungwe lomweli, pamodzi ndi la Red Cross, linaturutsa maphunziro ena othandizira akuru ndi ana omwe. Mutu wace ndi umodzi: yamba ndi cimene cipha msanga. Njira ya mpweya iri yotseguka kodi? Ali kupuma? Mwazi uli kuyenda bwino, kapena uli kutayika? Ali kuzindikira? Zikatha izi ndipo apenya thupi lonse.

Tsono, amai, mukaona namwino wakupitirirani natenga mwana amene wafika kumbuyo kwanu, musang'ung'udze kuti pali tsankho. Ndiponso mwana wanu akakhala kuti ali kukomoka, kapena ali kupuma mobvutika, kapena walefuka kotero kuti sakhoza kuyamwa, musakhale cete pa mzere cifukwa ca manyazi. Imirirani, nenani.

Zipangizo za ku cipatala

Tisaganize kuti zipangizo zopulumutsa moyo ziri zazikuru zokha zokha. Pali kacipangizo kopanira ku cala, kamene kaonetsa kucuruka kwa mpweya wabwino m'mwazi. Nambala ikatsika pansi pa 90, wodwala afunika mpweya wa okosijeni. Mpweyawo ucokera m'mabotolo a citsulo, kapena m'makina ousefa amene ayenda ndi magetsi. Pali thumba lofinya ndi manja lopumitsira munthu amene waleka kupuma. Pali kacipangizo koyesera shuga ndi dontho limodzi la mwazi, pakuti malungo akuru atha kutsitsa shuga wa mwana kufikira kukomoka. Ndipo kwina namwino safuna kanthu koma maso ace: atsindika cikhadabo ca mwana kufikira ciyera, nacileka, kufiira kukacedwa kubwerera koposa masekondi 3, adziwa kuti mwazi suyenda bwino. Zonsezi zithandiza pokha pokha pali munthu wophunzira kuzigwiritsa nchito ndi kuzisunga.

Zimene ife tikhoza kucita

Ife a ku mudzi tiribe makina, koma tiri ndi manja, nsaru yoyera ndi madzi. Sungani mau awa.

Munthu wogundidwa ndi galimoto kapena wogwa mu mtengo musamnyamule ngati thumba la cimanga, wina mikono wina miyendo. Pfupa la khosi kapena la msana likakhala lothyoka, kumpinda kungampuwalitse moyo wace wonse. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amsunthire pamodzi pa citseko kapena thabwa. Koma yambani mwaika wina wocenjeza magalimoto, kuti ngozi isabale inzace.

Bala loturuka mwazi litsindikeni kolimba ndi nsaru yoyera, osaleka. Nsaru ikanyowa, ikani ina pamwamba pace. Musathiremo dothi, phulusa kapena ndowe, pakuti m'menemo mukhala kafumbata.

Wokomoka amene ali kupuma mgonekeni cam'mbali, kuti masanzi asamtsamwitse. Musammwetse madzi kapena phala. Mwana wogwidwa ndi linjirinjiri musamuike supuni m'kamwa, musayandikize mapazi ace ku moto; mcotsereni zinthu zomupweteka, ndipo mupite naye ku cipatala.

Wopsa ndi moto kapena madzi owira mthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, ndi kumfunda ndi nsaru yoyera. Dzira ndi mafuta sizicira bala la moto. Wolumidwa ndi njoka musamtemere, musammange cingwe colimba. Ciwalo columidwaco cikhale cosagwedezeka, ndipo mumnyamule. Mai wapakati akayamba kutaya mwazi, kapena kukomoka, musadikire kuti kuce.

Kukonzekeratu

Makolo athu anali kusunga macila ndi kudziwa anyamata oyenera kunyamula. Nzeru yomweyo tiifuna lero. Pa msonkhano wa mphakati kapena pa bwalo la amfumu, panganani tsopano, kuli bata: ndani ali ndi njinga ya moto kapena ngolo, ndani ali ndi foni yosatha moto, ndi nambala yanji yoitanira ambulansi, imene mlangizi wa za umoyo wa m'dera lanu angakuuzeni. Sonkhani kandalama ka mafuta kosungira ngozi yokha. Pemphani a za umoyo kuti adzaphunzitse anthu awiri kapena atatu a m'mudzi mwanu, makamaka a kabaza ndi ogulitsa m'mbali mwa mseu, pakuti iwo ndiwo ayamba kufika. Popita ku cipatala tengani buku la cipatala la wodwalayo, ndi munthu woona cimene cinacitika, kuti akafotokoze nthawi yace ndi mankhwala ali onse amene wodwala wamwa, osabisa ngakhale a cikuda.

Werengani mau awa madzulo pamodzi ndi ana anu, ndipo pepalali mubwereke mnansi wanu. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.