Duwa la Pakhomo Lociritsa Khansa

Anzanga, ambiri a ife tinabzalapo cinangwa, ndipo tidziwa kuti phesi lake ukalizika pansi limera. Koma kodi mudziwa kuti kacidutswa ka tsamba, kocepa ngati cikhadabo, kangathe kusanduka comera cathunthu m'botolo? Ine ndinakana m'mtima pamene Aphunzitsi a Sayansi anatiuza izi, kufikira ndinaziwerenga ndekha.

Akatswiri atsuka kacidutswako ndi mankhwala ophera tizilombo, nakaika m'botolo muli phala lolimba la shuga ndi micere. Posacedwa katupa, nikakhala cibuluma copanda muzu kapena tsamba. M'caka ca 1957 Skoog ndi Miller a ku America anaonetsa kuti mankhwala awiri ndiwo alamulira cibulumaco: ukacurutsa auxin cimera mizu, ukacurutsa cytokinin ciphuka masamba.

Tsopano taganizani duwa lija la periwinkle, loyera kapena lofiirira, limene limera lokha m'makomo mwathu. Kwao ndi ku Madagascar. M'caka ca 1958 Noble ndi Beer a ku Canada analengeza kuti apezamo mankhwala a khansa ochedwa vinblastine. Pambuyo pace munapezekanso vincristine, amene athandiza ana odwala khansa ya m'magazi ndi khansa yotupitsa nsagwada ija isautsa ana kuno kwathu. Musayese kumwa masamba ace, ali ndi ululu! Bvuto ndi lakuti galamu imodzi ya vinblastine ifuna makilogalamu ngati 500 a masamba ouma.

Cotero akatswiri anati, bwanji tilime zibulumazo m'mabotolo? Ena anatuma kacilombo ka m'nthaka, Agrobacterium, kamene kalowetsa malangizo ace a cibadwa m'comera, ndipo mizu yambiri yaubweya inamera msanga. Mabotolo anadzaza, koma mankhwala osaoneka.

Cifukwa cace ndico cinandikondweretsa koposa. Mankhwalawa ali ndi mbali ziwiri zolumikizana. Mbali imodzi mizu ikhoza kupanga, koma inayo, vindoline, ifuna tsamba lobiriwira ndi kuwala. M'tsambamo timaselo ta mitundu yosiyana tipatsirana nchito, monga acita amai pamtondo, wina kusinja, wina kupeta. Cibuluma ciribe anchito otere.

M'caka ca 2022 akatswiri a ku Denmark anasintha cibadwa ca yisiti m'malo 56, ndipo yisitiyo anapanga mbali zonse ziwiri, koma pang'ono zedi. Mankhwala a m'zipatala acokerabe ku masamba olimidwa m'munda.