OSUNGA MABUKU AKUDA M'MAYUNIVESITE A KU AMERICA

Madzulo ano tikambirane za nchito imene ambiri a ife tiipeputsa, ndiyo ya wosunga mabuku m'nyumba ya mabuku ya pa yunivesite, imene ena aicha laibulale. Tiyesa kuti munthuyo angokhala pa mpando ndi kubweza mabuku m'malo mwace. Iai. Iye ndiye asankha mabuku oti agulidwe, ndiyenso apatsa buku liri lonse nambala yace, ndipo buku loikidwa pa malo olakwika liri ngati lotayika.

Tamvani za mai Dorothy Porter, mkazi wakuda wa ku America, amene mu 1930 anapatsidwa nchito yosonkhanitsa mabuku a anthu akuda pa Howard University, ku Washington. Iwo anapeza kuti m'nyumba zambiri za mabuku za Azungu, zotsata manambala a Dewey, buku lolembedwa ndi munthu wakuda linaikidwa pa 326, nambala ya ukapolo, kapena pa 325, nambala ya za atsamunda. Ngakhale buku la ndakatulo linaponyedwa komweko! Mai Porter anakana zimenezo, naika ndakatulo pamodzi ndi ndakatulo zinzace, mbiri pamodzi ndi mbiri. Osunga mabuku aja sanali mbuli, koma panalibe wakuda pakati pao woti awaonetse colakwaco.

Cifukwa cace sicibisika. Kumwera kwa dzikolo akuda analetsedwa kuphunzira pamodzi ndi Azungu, ndipo ambiri ofuna nchitoyi anapita ku sukulu zao zokha, ya ku Hampton kuyambira 1925 kufikira 1939, ndi ya ku Atlanta yotsegulidwa mu 1941. Mu 1961 ophunzira akuda asanu ndi anai a ku Tougaloo anamangidwa ku Jackson, Mississippi, cifukwa cowerenga m'laibulale ya Azungu. Malamulo a tsankho anafafanizidwa pambuyo pace, komabe mu 2012 bungwe la American Library Association linapeza kuti mwa osunga mabuku 100 ali onse ophunzitsidwa nchitoyi, 88 anali Azungu.

Khomo lace ndi lopapatiza pawiri. Coyamba, munthu ayenera kukhala ndi digiri yaciwiri, ya Master, ndipo ndalama zace nzambiri. Caciwiri, atapambana mayeso, olemba nchito amfunsa zaka zimene wagwirapo nchitoyo. Nanga zakazo azitenga kuti iye amene sanalembedwepo, ndipo alibe mbale kapena bwenzi m'katimo womnenera?

Mu 1984 University of Delaware inayesa njira ina. Inayamba kutenga munthu wongoturuka kumene ku maphunziro, wocokera ku mitundu yocepa m'nchitoyi, ndi kumlemba kwa nthawi yoikika. Pambuyo pace dongosololi linachedwa dzina la Pauline A. Young, mphunzitsi ndi wosunga mabuku wakuda wa ku Wilmington. Mayunivesite ena anatsanzira. Kawiri-kawiri munthuyo akhala zaka ziwiri kapena zitatu, alandira malipiro, nasinthana zigawo: miyezi ina alemba mabuku m'kaundula, ina athandiza ophunzira kufufuza, ina asamala makalata akale. Apatsidwanso phungu, munthu wokhwima pa nchito, ndi ndalama za ulendo wa ku misonkhano kumene adziwana ndi olemba nchito. Mu 1997 bungwe lija linakhazikitsa thandizo la ndalama za sukulu lochedwa Spectrum, ndipo mu 2016 mayunivesite ocita zimenezi anagwirizana m'cigwirizano ca Diversity Alliance.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinayenda bwino. Amene anapyola m'njirayi analemba madandaulo ao. Ena anayesedwa ana a sukulu, cikhalireco anali ndi digiri yofanana ndi anzao. Wina, pokhala wakuda yekha m'nyumba monse, anatumidwa ku komiti iri yonse kukalankhulira akuda onse, ngati kuti mtundu wonse uli ndi pakamwa pamodzi. Ndipo zaka zija zitatha, ambiri anayenera kumanga katundu ndi kukafuna nchito kwina. Kwa ine bvuto lalikuru ndi limeneli, pakuti yunivesite itamandidwa cifukwa ca mlendo wa zaka ziwiri, pamene mipando yokhalitsa isasinthika.

Tsono panabwera mlandu wina. Alipo anthu amene ati kusankha munthu poyang'ana khungu lace ndi tsankho ndithu, cinkana colinga cikhale cabwino. Pa 29 June, 2023, bwalo lalikuru la milandu la America linagamula kuti Harvard ndi University of North Carolina zinalakwa poyang'ana mtundu wa munthu polandira ophunzira. Ciweruzoco cinanena za ophunzira, osati za anchito, koma mantha anafika ndi ku nyumba za mabuku, ndipo mayunivesite ena anasintha mau a zilengezo zao kuti ali yense apemphe malowo. Ku Texas lamulo loyamba kugwira nchito pa 1 January, 2024, linaletsa mayunivesite a boma kukondera mtundu uli wonse polemba anchito. Kumeneko mkuru wa laibulale angathe kutengabe wophunzira watsopano kwa zaka ziwiri ndi kumpatsa phungu, koma saloledwa kumsankha cifukwa ca mtundu wace.