Kukweza Masipika a mu Situdiyo ya Panyumba

Masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri a ku Kitwe, Ndola, Mufulira ndi Lusaka ajambula nyimbo zao m'cipinda ca kunyumba. Zipangizo zao ndizo kompyuta ndi masipika awiri ochedwa ma monitor. Nchito ya masipika amenewa si kukometsa nyimbo ai, koma kuulula zolakwa zonse za nyimboyo kuti mwini wace azikonze. Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi munthu akweze mau kufikira pati kuti asaononge makutu ace, ndiponso kuti masipika amene anagula ndi ndarama zambiri akhalitse?

Tiyambe ndi khutu, pakuti ilo siligulidwa m'sitolo. M'kati mwa khutu muli kaciwalo kopindika ngati cigoba ca nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000 timene tilandira mau. Phokoso lalikulu litopetsa timaselo timeneti, ndipo likapitirira masiku ambiri tifa. Tikafa sitimeranso; madzi akatayika saoleka.

Kukula kwa phokoso kuyesedwa ndi muyeso wochedwa desibelo. Anthu awiri akamaceza bwino mau ao ali ngati madesibelo 60. Makina oboola mwala pansi pa mgodi apitirira 100. M'caka ca 1998 bungwe la ku America loona za umoyo wa anchito, la NIOSH, linalangiza kuti munthu asakhale m'phokoso la madesibelo 85 koposa maola 8 pa tsiku. Phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawiyo idulidwa pakati. Motero pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 cabe. Bungwe la WHO nalonso linena kuti munthu wamkulu angathe kumvera madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda coopsa.

Inu a ku migodi cherani khutu apa. Khutu silisiyanitsa phokoso la nchito ndi la nyimbo, liwerengera zonse pamodzi. Munthu amene wakhala tsiku lonse pafupi ndi makina, nafika kunyumba ndi kukweza masipika madzulo, walisenzetsa khutu lace katundu wa anthu awiri.

Nanga cifukwa ninji oimba akonda kukweza? M'caka ca 1933 akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa kuti mau akakhala otsika khutu la munthu silimva bwino mau akulu a pansi, monga a ng'oma yaikulu ndi gitala wa besi. Mukakweza, mau amenewo aonekera, ndipo nyimbo imveka ngati yakoma. Koma kukomako ndi kwa khutu, nyimbo ili comweco. Cotero gwirani nchito yanu ndi mau apakati, madesibelo 75 kufikira 80 m'cipinda cacing'ono, mutakhala mita imodzi kucokera ku masipika. Kwezani kwa mphindi zocepa zokha pofuna kumva besi, ndipo mutsitsenso. Ngati mulibe coyesera, yesani motere: mnzanu ali pa mtunda wa dzanja limodzi, ndipo simumvana popanda kupfuula, dziwani kuti mwakweza mopitirira. Pumulani mphindi 10 pa ola liri lonse. Makutu akamalira usiku ngati nyenje, limenelo ndi cenjezo. Kugontha kubwera pang'onopang'ono, cakudza siciimba ng'oma.

Tsopano tione sipika. Kumbuyo kwace kuli maginito, ndipo pakati pa maginitoyo pali waya wopyapyala wokulungidwa, kawirikawiri wa mkuwa, citsulo comwe cija mukumba inu. Magetsi a nyimbo akapita mu wayayo, iye agwedeza cimbale ca kutsogolo, ndipo mau aturuka. Koma mbali yaikulu ya mphamvuyo isanduka kutentha. Mukakweza kwa nthawi yaitali waya atentha, guluu womgwira afooka, ndipo potsiriza wayayo apsa. Kasipika kakang'ono ka pamwamba, ka mau oonda, ndiko kafulumira kupsa cifukwa waya wace ndi woonda ngati tsitsi. Mukamva mau akusweka, kapena mukaona nyali yocenjeza ikuyaka, ampulifaya yafika pa mapeto a mphamvu zace. Tsitsani msanga. Kumbukiraninso kuti kuwirikiza kawiri mphamvu ya ampulifaya kuonjeza madesibelo 3 okha. Phindu ndi locepa, koma kutentha kwa waya ndi kowirikiza.

Adani ena a sipika ndiwo dzuwa, cinyezi, pfumbi ndi magetsi osakhazikika. Musaike sipika pa zenera, ndipo musaitsamiritse ku khoma, kuti mpweya upite kumbuyo kwace ndi kuziziritsa ampulifaya. Poyamba nchito yatsani masipika potsiriza, ndipo pomaliza azimitseni poyamba, kuti kuphulika kwa mau kocokera ku zipangizo zina kusawamenye. Magetsi akazima, kapena mphezi zikayamba m'nyengo ya dzinja, zulani pulagi. Mkombero wa siponji wozungulira cimbale ufumbutuka pakapita zaka, pamene wa mphira ukhalitsa, koma mmisiri angathe kuikapo wina. Masipika osungidwa motere atumikira mwini wace zaka 10, ena 20 ndi kupitirira.

Mwaona tsono kuti mankhwala a khutu ndi a sipika ndi amodzi, ndiwo kutsitsa mau. Amene akumva kulira m'makutu kosaleka apite ku cipatala akapimidwe.