Kodi Mumadziwa? Matimu Ena Otchuka a Mpira Anayambira ku Tchalitchi

Anthu ambiri amene amaonera mpira wa ku Ulaya m'malo oonetsera kanema a ku Kapichi ndi madera ena a minda ya tiyi m'boma la Thyolo sadziwa kuti ena mwa matimu amene amawachemerera anakhazikitsidwa ndi mipingo pofuna kukopa achinyamata kuti asatayirire, koma ayandikire mawu a Mulungu. Timu ya Aston Villa inayambitsidwa mu 1874 ndi anyamata a mpingo wa Methodist mumzinda wa Birmingham, pamene Everton inayamba mu 1878 ikudziwika ndi dzina la St Domingo, lomwe linali dzina la tchalitchi chimene osewerawo ankapempherako.

Ku Glasgow, timu ya Celtic inakhazikitsidwa mu 1887 ndi Brother Walfrid wa chipani cha Marist, gulu la abulazala a Chikatolika odzipereka pa maphunziro a ana, ndipo cholinga chake chinali chakuti ndalama zolowera pakhomo zizidyetsa ana osauka a mumzindawo. Abulazala a chipani chomwechi ndi amene amayendetsa sukulu ya Zomba Catholic kuno ku Malawi.

Ku Thyolo nako chikhulupiriro chimakhudza mpira, popeza akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist, umene uli ndi mishoni ya Malamulo ku Makwasa kuyambira mu 1902, amasunga Sabata, motero amene amatsatira chiphunzitsochi mokhulupirika sasewera kuyambira madzulo a Lachisanu mpaka dzuwa litalowa Loweruka.